Likodzo, manyazi ndi umoyo wa abambo m'magombe a Salima

Awa ndi mawu amene anakambidwa pamaso pa mafumu, makhansala, makomiti a chitukuko ndi makomiti a pagombe a m'mawodi a m'mbali mwa nyanja. Asindikizidwa pano kuti amene sanapezekepo awerenge ndi kukambirana m'midzi mwawo.

Nkhani ya lero ndi ya akuluakulu, ndipo mawu ena amene amveke pano ndi olemera pakamwa. Apongozi amene akhala moyandikana akhululuke, pakuti nthenda yosatchulidwa dzina siipezeredwa mankhwala.

Pamisonkhano ya chitukuko anthu anazolowera kukamba za milatho, mijigo, midadada ya sukulu ndi misika. Zonsezi n'zofunika. Koma kalembera wa mu 2018 anapeza kuti boma la Salima lili ndi anthu 478,346, ndipo gawo lalikulu la anthu amenewa limadya kuchokera m'nyanja ndi m'madambo a mpunga. Kuyambira ku Chipoka, kudutsa ku Senga Bay ndi ku Lifuwu mpaka ku Chikombe, amene amakoka chilimira, kupalasa bwato ndi kuponda matope a m'munda wa mpunga ndi anthu okhala ndi matupi, ndipo matupiwo amadwala. Bambo akagona pamphasa, ukonde umawola, fizi ya ana imasowa, ndipo njerwa za ntchito ya chitukuko zimasowa woumba. N'chifukwa chake umoyo wa abambo uyenera kukhala ndi malo ake pamndandanda wa zokambirana za VDC ndi ADC.

Aliyense amene anafikapo pachipatala m'mawa akudziwa mmene mabenchi amakhalira. Amadzaza ndi amayi oyembekezera, amayi obereka ana kumbuyo ndi agogo aakazi. Abambo amawerengeka ndi zala. Ambiri mwa iwo amafika nthenda itakula kale, atanyamulidwa panjinga kapena pangolo. Vuto likakhala la kumalo obisika, kuchedwako kumaposa pamenepo. Makolo anaziona kalekale zimenezi pamene ananena kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Mmene banja limapasukira popanda wolakwa

Nkhani yotsatirayi ndi chitsanzo chabe, koma alangizi a zaumoyo a m'mbali mwa nyanja sangaione yachilendo. Msodzi wa zaka za m'ma 30 anayamba kulowa m'madzi ali mwana. Ali pasukulu ya pulayimale ankakodza mkodzo wofiira, ndipo anzake ankamuuza kuti chimenecho n'chizindikiro chakuti wakula. Patapita zaka magaziwo analeka kuoneka, iye n'kuiwala. Tsopano ali pabanja. Tsiku lina akuona kuti umuna wake wasintha mtundu, nthawi zina uli ndi timagazi, ndipo akumva kupweteka m'chinena akamakhala malo amodzi ndi mkazi wake. Sauza munthu. M'mutu mwake mukubwera mayankho awiri okha: mwina mkazi wakeyo anayenda ndi mwamuna wina pamene iye anali kunyanja, kapena wina wamutchera mankhwala. Akugula makapisozi pamsika, akumwa masiku awiri, osasintha. Akupita kwa sing'anga, akutemera mphini, osasinthanso. M'nyumba mwalowa mkangano, ankhoswe aitanidwa, ndipo mayi wosalakwa wabwerera kwawo ndi ana.

Chimene bamboyu sanadziwe n'chakuti nthenda yake ikhoza kukhala likodzo lomwe lija la paubwana, limene silinachoke m'thupi koma linangosintha malo ooneka. Likodzo silipatsirana pogonana. Mkazi sangampatsire mwamuna, mwamunanso sangampatsire mkazi. Limachokera m'madzi basi. Mankhwala ake ndi mapiritsi ochepa omwa tsiku limodzi, amene m'zipatala za boma amaperekedwa ulere. Banja lija likanapulumuka bamboyo akanangotsegula pakamwa pamaso pa dokotala.

Mmene likodzo limayendera

Nyongolotsi imene imayambitsa likodzo inatulukiridwa mu 1851 ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Cairo ku Egypt. Ulendo wa nyongolotsiyi umayamba munthu wodwala akakodzera m'madzi. Mu mkodzo wake mumakhala mazira osaoneka ndi maso. Mazirawo akakhudza madzi amaswa, ndipo tizilombo totulukamo timafunafuna nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, za mtundu umene akatswiri amautcha Bulinus. M'kati mwa nkhono timachulukana kwa milungu ingapo, kenaka timatuluka miyandamiyanda n'kumasambira, makamaka dzuwa likakwera. Munthu akalowa m'madzimo, kaya kukasamba, kuchapa, kukoka ukonde kapena kuwokera mpunga, tizilomboto timaboola khungu popanda kusiya bala. Sipafunika kumwa madziwo.

M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi zazimuna ndi zazikazi, zimene zimakakhazikika m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera. Mmenemo zimatha kukhala zaka zingapo zikuikira mazira tsiku ndi tsiku. Ena mwa mazirawo amaboola chikhodzodzo n'kutuluka ndi mkodzo, ndipo n'chifukwa chake pamaoneka magazi, makamaka kumapeto kwa kukodza. Koma mazira ambiri satuluka. Amakanirira m'minofu, thupi n'kumalimbana nawo, ndipo pamalopo pamabwera zotupa, zilonda ndi zipsera.

Mwa abambo, mazira amenewa amakanirira m'timatumba tosunga umuna, m'kachiwalo kotchedwa prostate kamene kali pansi pa chikhodzodzo, ndipo nthawi zina m'machende momwe. Zizindikiro zake ndi magazi mu umuna, kusintha kwa mtundu kapena kulimba kwa umuna, kupweteka pogonana kapena pothira umuna, kupweteka m'chinena, ndiponso kutupa. Nthendayi ikakhalitsa ikhoza kuchepetsa mphamvu yobereka. Likodzo la zaka zambiri limawononganso njira za mkodzo ndi impso, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zoyambitsa khansa ya chikhodzodzo. Amayi nawonso amavutika ndi likodzo la kumalo obisika, ndipo kawirikawiri amanamiziridwa kuti atenga matenda opatsirana pogonana.

Zimene anapeza ku Mangochi

Likodzo la ziwalo za abambo linalembedwa koyamba ndi madokotala mu 1911 ku Egypt, koma kwa zaka zambiri linaiwalika. Kuno ku Malawi nkhaniyi inaunikidwa bwino ndi dokotala wa m'dziko muno, Dr Sekeleghe Kayuni, mogwirizana ndi anzake a ku Liverpool School of Tropical Medicine. Kuyambira mu 2017 iwo anachita kafukufuku pakati pa asodzi 376 a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Mwa amene anapereka mkodzo, pafupifupi 17 pa 100 alionse anapezeka ndi mazira a likodzo. Mwa amene anapereka umuna, pafupifupi mmodzi mwa amuna 10 alionse anapezeka ndi mazira ataunika ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Atagwiritsa ntchito njira yamakono yozama kwambiri yotchedwa PCR, chiwerengerocho chinakwera kufika pa mwamuna mmodzi mwa anayi alionse. Ena mwa amuna amene anali ndi mazira mu umuna analibe mazira mu mkodzo, kutanthauza kuti mkodzo woyera si umboni wakuti munthu alibe nthendayi.

Mangochi ndi Salima amamwa nyanja imodzi. Asodzi a kuno amapita kumeneko kutsata usipa, a kumeneko amabweranso kuno. Nkhono zake ndi zomwezo, ntchito yake ndi yomweyo. Choncho zimene zinapezeka kumeneko ndi chenjezo kwa gombe lililonse la boma lino.

Pali chinanso chimene asodzi ayenera kuchidziwa. Akatswiri amene anafufuza ku Cape Maclear, motsogozedwa ndi Jay Stauffer wa ku America, anaona kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha kupha nsomba mopyola muyeso m'madzi osaya, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka. Munthu wokoka ukonde wa maso ang'onoang'ono kapena neti ya udzudzu m'mphepete mwa nyanja amapha nsomba za mawa, komanso amachotsa alonda amene ankateteza thupi lake lomwe.

Chithandizo ndi kupewa

Mankhwala a likodzo ndi praziquantel. Mlingo wake umatengera kulemera kapena kutalika kwa munthu, ndipo amamwedwa munthu atadya kuti asamuzunguze mutu kapena kumuchititsa nseru. Bambo wopita kukayezetsa mkodzo achite bwino kupereka mkodzowo pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, chifukwa ndi nthawi imene mazira amatuluka ambiri. Chofunika koposa n'chakuti auze dokotala zonse: kuti ntchito yake ndi ya m'madzi, kuti waona zotani, ndipo kuyambira liti. Wongonena kuti "thupi likuphwanya" amabwerera ndi panado, vuto lenileni n'kutsala.

Praziquantel amapha nyongolotsi zazikulu, koma si katemera. Munthu akabwerera m'madzi omwewo akhoza kutenganso nthendayi, ndipo n'chifukwa chake msodzi ayenera kulandira mankhwalawa mobwerezabwereza monga achipatala angamulangizire. Unduna wa Zaumoyo umagawa mankhwalawa kwa anthu ambiri nthawi imodzi, makamaka kudzera m'masukulu. Ana amalandira, koma abambo awo nthawi imeneyo amakhala ali kunyanja kapena akugona atachezera usiku wonse ndi nyali. Motero amene amakhala m'madzi nthawi yaitali kuposa wina aliyense ndi amene amaphonya mankhwala kawirikawiri, ndipo amabwezeretsa mazira m'madzi momwe ana awo amasambira.

Kuuza msodzi kuti asalowe m'madzi n'kutaya mawu pachabe. Koma pali zimene zingatheke. Madzi osamba akatungidwa n'kusungidwa masiku awiri tizilombo ta likodzo timafa, ndipo madzi a pamjigo alibe tizilomboti. Koposa zonse, unyolo wa nthendayi umaduka pamene anthu aleka kukodzera ndi kuchita chimbudzi m'nyanja. Nkhono payokha ilibe likodzo. Imalilandira kuchokera kwa munthu. Chimbudzi cha pagombe chimene chimateteza ku likodzo ndi chomwecho chimene chimateteza ku kolera, nthenda imene mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo inavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja.

Matenda opatsirana pogonana

Si vuto lililonse la kumalo obisika limene lili likodzo. Chinzonono, chindoko ndi mabomu ziliponso, ndipo moyo wa pagombe umazipatsa mpata. Msodzi amakhala milungu yambiri kutali ndi kwawo, ndalama imabwera nthawi imodzi usipa ukagwa, ndipo aliyense akudziwa za mchitidwe wosinthanitsa nsomba ndi thupi, umene umakula nsomba zikasowa pamene amayi ogula ali ambiri. Bambo akaona mafinya, kuwotcha pokodza, chilonda kapena chotupa m'mphechepeche, asadzipatse yekha dzina la nthenda. Kusiyanitsa likodzo ndi matenda enawa ndi ntchito ya achipatala, ndipo munthu mmodzi akhoza kukhala ndi zonse ziwiri.

Makapisozi a pamsika ali ndi zoopsa ziwiri. Choyamba, amaziziritsa zizindikiro nthenda ili m'kati. Chinzonono chosachira bwino chimasiya zipsera m'njira ya mkodzo, moti patapita zaka bambo amayamba kukodza modontheza, ndipo chimatha kutseka njira ya mbewu ya abambo. Chilonda cha chindoko sichipweteka ndipo chimapola chokha, koma nthendayo imatsala m'magazi. Mayi woyembekezera akaitenga akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wakufa. Chachiwiri, kumwa mankhwala mwatheka kumaphunzitsa tizilombo kupirira, kotero kuti mankhwala amene ankachiza dzulo amaleka kugwira ntchito kwa mudzi wonse.

Kuchipatala munthu wopezeka ndi matendawa amapatsidwa kakalata koitanira mnzake wogona naye. Kakalatako si chisamani cha kukhoti. Cholinga chake n'chakuti onse achire pamodzi, pakuti wochira yekha amakatenganso nthendayo usiku womwewo kunyumba.

HIV ndi mdulidwe

Kafukufuku wa dziko lonse wa MPHIA wa mu 2020 ndi 2021 anapeza kuti pafupifupi 9 mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi kachilombo ka HIV. Amayi amene ali nako ndi ambiri kuposa abambo, koma pa kudziwa mmene m'thupi mulili abambo ndiwo atsalira: mwa amayi amene ali ndi kachilomboka, pafupifupi 90 pa 100 ankadziwa, pamene mwa abambo anali pafupifupi 85 pa 100. Abambo ambiri amadalira zotsatira za akazi awo a kusikelo, n'kumati ngati mayi ali bwino ndiye kuti iwonso ali bwino. Maganizo amenewa ndi olakwika, chifukwa m'banja limodzi wina akhoza kukhala ndi kachilombo mnzake alibe.

Boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala posayembekezera kuti adwale kaye. Munthu womwa mankhwala mokhulupirika mpaka tizilombo titaleka kuoneka m'magazi sapatsira mnzake pogonana. Kwa amene amaopa maso a anthu, masiku ano kuli kachipangizo kodziyezera wekha. Kwa amene alibe kachilombo koma ali pachiopsezo kuli mankhwala oteteza otchedwa PrEP, ndipo kwa amene wachita ngozi, monga kuphulika kwa kondomu, kuli PEP, amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Msodzi wa pa ma ARV amene akusamukira gombe lina atenge buku lake la kuchipatala ndipo akambirane ndi achipatala asananyamuke, kuti mankhwala asamuthere panjira.

Likodzo ndi HIV zimakumananso. Zilonda ndi zotupa za likodzo m'ziwalo zoberekera zimatsegula khomo, ndipo kafukufuku wochepa wa ku Zimbabwe anapeza kuti kachilombo ka HIV kanachepa mu umuna wa abambo atalandira praziquantel. Kuchiza likodzo ndi mbali imodzi ya nkhondo yolimbana ndi Edzi.

Za mdulidwe, kafukufuku wa ku South Africa, Kenya ndi Uganda anasonyeza kuti mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 mpata woti mwamuna atenge HIV kuchokera kwa mkazi, ndipo mu 2007 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linauvomereza ngati njira yodzitetezera. Sutchinga kotheratu, choncho kondomu ndi kudzisunga zikufunikabe. Wodulidwa adikire milungu 6 asanagonane, ndipo asalowe m'nyanja bala lisanapole. M'midzi imene muli mwambo wa jando, angaliba ndi achipatala angathe kugwirizana: mwambo ndi malangizo zikhale za akuluakulu a mudzi, mpeni ndi chisamaliro cha bala zikhale za odziwa zachipatala.

Mavuto amene amasungidwa mumtima

Banja likakhala chaka chathunthu popanda pathupi, chala chimaloza mayi. Koma WHO inanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse padziko amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pamoyo wake, ndipo madokotala amadziwa kuti pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudzanso mwamuna. Kukhala ndi mphamvu kuchipinda si umboni wakuti mbewu ili bwino. Matenda opatsirana pogonana osachira, likodzo, mowa wambiri ndi fodya zonse zimawononga mbewu ya abambo. Choyenera n'chakuti awiriwo apite limodzi kuchipatala, m'malo mothamangitsa mayi kapena kulowetsa fisi m'nyumba, mwambo umene umabweretsa matenda pamwamba pa chisoni.

Kuchepa mphamvu kuchipinda nakonso kumabisidwa. Abambo amathamangira gondolosi, mizu ya m'mabotolo ndi mapiritsi ogulitsidwa m'malo omwera mowa. Koma kawirikawiri kufooka kotere ndi chizindikiro choyamba cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, amene amawononga mitsempha mwakachetechete. Nkhawa ya ngongole ndi mowa zimachitanso chimodzimodzi. Mapiritsi owonjezera mphamvu akamwedwa ndi munthu wa vuto la mtima, kapena pamodzi ndi mankhwala ena a mtima, akhoza kupha. Kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi kumatenga mphindi zochepa.

Bambo akapitirira zaka 50, prostate imayamba kukula. Amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, mkodzo umatuluka mofooka, ndipo amamva ngati sunathe. Nthawi zambiri kukula kumeneku si khansa ndipo kuli mankhwala othandiza, koma khansa ya prostate nayo imayamba mofananamo, ndipo ikapezeka msanga mpata wothandizika umakhala waukulu. Chipatala chachikulu cha Salima chimatumiza ofunika akatswiri ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Mkodzo ukatsekeka kotheratu, imeneyo ndi ngozi yosadikira kuti kuche.

Phudzi, kutupa kwa thumba la abambo, lasowetsa mtendere amuna ambiri mpaka kuleka kupita kumisonkhano ndi kumapemphero. Si ufiti ndipo si chilango. Limachizika ndi opaleshoni yaing'ono. Koma mnyamata akamva kupweteka koopsa kwadzidzidzi m'chende limodzi, athamangitsidwe kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mtsempha ukapotokola pamakhala maola pafupifupi 6 okha kuti chiwalocho chipulumuke.

Pa nkhani ya kulera, katundu yense wasenzetsedwa amayi. Abambo ali ndi njira ziwiri: kondomu, ndi kutseka kwa amene ana awakwanira. Kutseka abambo si kufula. Amangodula kanjira ka mbewu. Chilakolako, mphamvu ndi umuna zimakhala monga kale. Pamafunika kugwiritsa ntchito njira ina kwa miyezi itatu yoyamba, ndipo popeza ndi njira yosabwerera, iyenera kusankhidwa banja litakambirana mofatsa.

Phunziro la ku Mbenje

Ena amati asodzi sauzidwa. Boma la Salima lili ndi umboni wotsutsa zimenezi. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, asodzi akhala akutsata malamulo a mfumu kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Nyengo ya dzinja chilumbacho chimatsekedwa kuti nsomba ziswane, ndipo chikatsegulidwa mowa, chamba ndi njuga siziloledwa. Anthu a m'maiko ena amabwera kudzaphunzira dongosolo limeneli. Amuna amene angathe kudziletsa miyezi ingapo pofuna kusunga utaka angathenso kupatula m'mawa umodzi pofuna kusunga matupi awo. Chimene chimafunika ndi mawu a mfumu ndi mgwirizano wa gombe lonse.

Zimene wodi iliyonse ingachite

Choyamba, makomiti a pagombe akhale pansi ndi alangizi a zaumoyo n'kugwirizana masiku ofikitsa chithandizo pagombe penipeni. Asodzi eni ake ndiwo akudziwa nthawi yabwino: masiku a mwezi wowala pamene usodzi wa nyali umachepa, masiku amene mwera waletsa mabwato kulowa, ndi nyengo yotseka nyanja. Pa tsiku lotere bambo alandire zonse pamalo amodzi: mankhwala a likodzo, kuyezetsa magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Zikaphatikizidwa chotere, palibe amene angaloze mnzake chala kuti wapita kukayezetsa chakuti.

Chachiwiri, eni zilimira ndi mabwato aziwerengera alovi awo monga amawerengera injini ndi maukonde. Siginala wodwala ndi chitayiko kwa mwini boti. Kulola alovi kupita kuchipatala popanda kuwadula gawo lawo ndi nzeru ya bizinesi.

Chachitatu, ma VDC ndi ma ADC aike zimbudzi zolimba ndi mijigo ya pamagombe m'mapulani awo a chitukuko, kuti makhansala akazitengere ku khonsolo. Mchenga umagumula zimbudzi wamba, choncho pamafunika zomangidwa ndi simenti, komanso munthu wozisamalira. Mafumu akhazikitse malamulo a m'mudzi oletsa kudzithandiza m'nyanja, ndipo agwire ntchito kwa mlendo ndi mwini mudzi yemwe.

Chachinayi, makomiti oyang'anira zipatala aonetsetse kuti bambo wobwera ndi vuto la kumalo obisika ali ndi malo olankhulira mosamvedwa ndi a pabenchi, ndiponso kuti chinsinsi chake chikusungidwa. Mwamuna mmodzi akachititsidwa manyazi, gombe lonse limamva, ndipo amuna khumi amabwerera panjira. Pamene zingatheke, wofuna kuonedwa ndi mwamuna mnzake apatsidwe mwayi umenewo. Amene akufuna kuyamba wafunsa asanaonekere angathe kuimba ku Chipatala cha pa Foni.

Chachisanu, ankhoswe, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo akalandira mlandu wa m'banja wokhudza matenda a kumalo obisika kapena kusabereka, asafulumire kugamula. Ayambe atumiza awiriwo kuchipatala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa milandu yotereyi kudekhako kukhoza kuonetsa kuti wolakwa ndi nkhono ya m'madzi, osati mayi wa m'nyumba.

Pomaliza, anyamata aphunzitsidwe adakali aang'ono. Mkodzo wofiira si chizindikiro cha kukula; ndi nthenda. Atsibweni, agogo aamuna, aphunzitsi ndi alangizi a kutchalitchi ndi kumadrasa ndiwo ali ndi khutu la anyamatawa, ndipo mnyamata amene waona atsibweni ake akuima pamzere wa kuchipatala sadzaona chachilendo kuimapo iyenso.

Olemekezeka mafumu ndi nonse amene mwasonkhana, pempho ndi lakuti komiti iliyonse ya pagombe ikafike kumsonkhano wotsatira wa ADC ili ndi zinthu ziwiri m'manja: tsiku limene yagwirizana ndi mlangizi wa zaumoyo, ndi malo amene yasankha kuti pamangidwe chimbudzi.